Kudikira The Winds of Winter, kukhutira ndi mathero a HBO, kapena kusamuka ku Westeros?

Buku lachisanu la A Song of Ice and Fire, lotchedwa A Dance with Dragons, linatuluka pa 12 Julayi 2011, sizoni yoyamba ya Game of Thrones, sewero la pa TV lochokera m'mabukuwa, itangotha kumene pa HBO. Kuchokera pamenepo seweroli linayenda masizoni onse 8, linafika kumapeto mu Meyi 2019, mpaka linabala masewero ena. Koma wolemba mabukuwa, George R. R. Martin, sanatulutsebe buku lachisanu ndi chimodzi, The Winds of Winter, ndipo limeneli si lotsiriza ayi. Pambuyo pake payenera kubwera lina, A Dream of Spring. Mkuluyu anabadwa mu 1948. Masamu enawo muwerengere nokha.

Ndiye ife okonda nkhani ya ku Westeros, dziko lopeka la m'mabukuwa, titani? Ena akuti mathero tinawaona kale pa TV, basi yatha. Ena akuti za pa TV zija n'zabodza, zenizeni zili m'mabuku ndipo tidikire. Ena anatembenukira ku nkhani za makolo a Daenerys, pomwe ena anangolongedza n'kupita kwa alembi ena. Ndikufuna kuika njira zimenezi pambalipambali. Mudziwiretu kuti ndiulula za amene anafa ndi amene anakhala mfumu, choncho ngati simunaonere ndipo simufuna kuuzidwa, lekerani pompano.

Tiyambe ndi TV, poti ndiko ambiri tinaidziwira nkhaniyi. Ubwino wake waukulu ndi umodzi: inatha. Magawo 73, kuyambira pa 17 Epulo 2011 mpaka pa 19 Meyi 2019, ndipo munthu wakhama atha kuimaliza yonse m'mwezi umodzi. Pa zonse zokhudza nkhondo ya a Stark ndi a Lannister, chimene chili ndi chiyambi, pakati ndi mapeto ndi chokhachi. Amene munkadzuka 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba kuti muonere pa M-Net nthawi imodzi ndi a ku America, kuopa kuti a pa Facebook angakuuzeni amene waphedwa, mukudziwa mmene zinkakomera.

Masizoni anayi oyamba sindingawanyoze ngakhale pang'ono. Okonza seweroli, David Benioff ndi D. B. Weiss, anali ndi mabuku atatu olimba m'manja, ndipo Martin mwini ankalemba gawo limodzi pa sizoni iliyonse, kuphatikizapo lija la nkhondo ya pa Blackwater ndi lija la ukwati umene Joffrey anafera. Pali malo ena pamene TV inaposa buku. Macheza a Arya ndi Tywin Lannister ku Harrenhal mulibe m'buku, chifukwa kumeneko Arya amatumikira Roose Bolton. Mulibenso zija Robert ndi Cersei anakhala pansi n'kumaseka za banja lawo lakufa. Nkhondo ya ku Hardhome, imene ambiri timaitama mu sizoni 5, m'buku imangomveka kudzera m'kalata yaifupi. Onjezanipo nyimbo za Ramin Djawadi, nkhope ya Charles Dance, pakamwa pa Diana Rigg, ndi Peter Dinklage amene anatenga mphoto za Emmy zinayi chifukwa cha Tyrion. Pepala silingakupatseni zimenezi.

Mavuto anayamba mabuku atatu aja atatha. Sizoni 5 inapanikiza mabuku awiri aakulu m'magawo 10, ndipo kuyambira sizoni 6 olemba ankayenda okha. Sizoni 7 inali ndi magawo 7, yomaliza 6 okha, pamene Martin ananena poyera kuti nkhani inalipo yokwanira masizoni oposa 10. Zotsatira zake mukuzikumbuka. Mu sizoni yoyamba ulendo wochokera ku Winterfell kupita ku King's Landing unali wa masabata, anthu n'kumakangana ndi kuphana m'njira. Mu sizoni 7 Gendry anathamanga kubwerera ku Khoma, khwangwala anauluka mpaka ku Dragonstone, Daenerys anafika ndi zinjoka zake, anzawo aja akadali pa kachilumba pakati pa madzi oundana. Adani amene tinawaopa kwa zaka 8 anatheratu m'gawo limodzi, lamdima moti ambiri ankangoona nkhope zawo pagalasi la TV. Patangopita magawo awiri Daenerys anawotcha mzinda umene unali utagonja kale, kenako Jon anamubaya, Bran n'kukhala mfumu. Anthu oposa miliyoni anasaina pa intaneti kuti sizoniyo ijambulidwenso.

Ine sindinena kuti zochitikazo n'zosatheka. Daenerys anali atapachika anthu ku Meereen, ndipo za moto ndi magazi ankazitchula kuyambira kale. Chimene chinasowa ndi njira yofikira kumeneko. Tinauzidwa kuti wasintha, sitinamuone akusintha.

Apa ndiye pamene mabuku amalowera, chifukwa njira imeneyi ndiyo ntchito imene Martin amaidziwa. Mutu uliwonse umafotokozedwa kuchokera m'maganizo a munthu mmodzi. Umamva mantha ake, mabodza amene akudzinamiza, ndi zimene sakuziona pomwe iwe wowerenga ukuziona. Cersei wa pa TV ndi mayi wochenjera, wozizira mtima. Wa mu A Feast for Crows amadziona ngati bambo ake, koma ukamawerenga umaona kuti chilichonse chimene akuchiyesa nzeru ndi dzenje limene akudzikumbira, mpaka kulola a chipembedzo kunyamulanso zida. Jaime, amene pa TV anabwerera kukafera m'manja mwa mlongo wake, m'buku analandira kalata ya Cersei yopempha thandizo ali ku Riverrun, nalamula kuti aiponye pamoto. Tyrion wa m'buku si munthu wabwino wa nthabwala uja. Pothawa m'ndende anauzidwa zoona za Tysha, mkazi wake woyamba, ndipo zimenezo ndizo zinamutuma kwa bambo ake ndi uta. TV inadula zimenezi, ndiye Tyrion anatsala wopanda bala limene likumuyendetsa m'buku lachisanu.

Komanso pali anthu amene pa TV kulibiretu. Catelyn Stark anaukitsidwa ndipo akupachika a Frey m'nkhalango, pano akutchedwa Lady Stoneheart. Arianne Martell, mwana wamkazi wa Doran, ndiye mwini nkhani ya ku Dorne. Victarion Greyjoy ali panyanja ndi lipenga limene akuti limagwira zinjoka. Amene anakwatiwa ndi Ramsay si Sansa koma Jeyne Poole, womunamizira kuti ndi Arya, pamene Sansa ali ku Vale akuphunzira ndale kwa Littlefinger. Stannis, Barristan Selmy ndi Mance Rayder sanafe momwe anafera pa TV. Ellaria Sand, amene pa TV anapha Doran pofuna kubwezera, m'buku ndi amene akudandaulira ana a Oberyn kuti kubwezerana kuthe. Ndipo pali Young Griff, mnyamata amene akuti ndi Aegon, mwana wa Rhaegar mchimwene wa Daenerys, ndipo wafika kale ku Westeros ndi asilikali a Golden Company.

Mnyamata ameneyu ndiye amandichititsa kukana zoti tinaona kale mathero. Owerenga ambiri amaganiza kuti Daenerys akadzafika adzapeza iyeyu ali pampando, anthu akumukonda, osati Cersei wodedwa ndi aliyense. Awa ndi maganizo a owerenga, si mawu a Martin. Koma taganizirani kusiyana kwake. Kuwotcha mzinda pochotsa Cersei ndi nkhani ina. Kupeza kuti mbale wako, kapena wonamizira kuti ndi mbale wako, watenga mpando ndi chikondi chimene umayembekezera moyo wako wonse, imeneyo ndi nkhani inanso. Ukachotsa munthu wotere, mathero atha kukhala omwewo koma tanthauzo lake lasokonekera.

N'zoona kuti Martin anawauza Benioff ndi Weiss zina za kutsogolo atakumana ku Santa Fe mu 2013. Zodziwika ndi zitatu: kuwotchedwa kwa Shireen, chiyambi cha dzina la Hodor, ndi amene adzakhale mfumu pamapeto. Choncho amene akudikira kuti buku lidzaike Jon kapena Daenerys pampando, akonzekere kukhumudwa kachiwiri. Koma ngakhale zitatuzi sizingachitike mofanana. M'buku Shireen ali ku Castle Black ndi mayi ake ndi Melisandre, pomwe Stannis watsekeredwa ndi chipale pafupi ndi Winterfell, mtunda wautali kwambiri. Night King amene Arya anabaya uja m'mabuku kulibe ngati mtsogoleri wa adani. Kuli dzina lofanana nalo m'nthano zakale za ku Khoma basi.

Tsono mabuku nawo ali ndi zowawa zake, ndipo amene amawatama samakonda kuzitchula. Choyamba ndi kukula. Asanuwo ali ndi mawu oposa miliyoni imodzi ndi theka, m'Chingerezi chodzaza mayina a mabanja, zizindikiro za pa mbendera ndi mitundu ya zakudya. Atatu oyamba, a 1996, 1998 ndi 2000, amathamanga, ndipo A Storm of Swords ndi limodzi mwa mabuku amene amakugoneka mochedwa. Koma mukafika pa lachinayi mupeza kuti Jon, Tyrion ndi Daenerys alibemo mitu yawo. Martin anagawa nkhani potengera madera, ena m'buku la 2005, enawo m'buku la 2011. Brienne amayendayenda kufunafuna mtsikana amene ife tikudziwa kale kumene ali. Ine mitu imeneyi ndimaikonda, chifukwa ndi mmene mumaonekera zimene nkhondo ya mafumu yawachita alimi ndi ana amasiye, koma ndikudziwa ambiri amene anasiyira pomwepa.

Chachiwiri ndi pamene nkhani inaimira. Buku lachisanu silitha, limangoduka. Jon wabayidwa ndi anzake ndipo wagwa pa chipale. Daenerys ali yekha m'tchire la a Dothraki ndi Drogon, akudwala m'mimba. Tyrion ali kunja kwa mpanda wa Meereen, sanakumane nayebe Daenerys. Brienne watenga Jaime kupita naye kosadziwika. Nkhondo ziwiri zimene buku lonse linkakonzekera, ya ku Winterfell ndi ya ku Meereen, zinasunthidwira m'buku lotsatira chifukwa masamba anachuluka. Amene mukuyamba lero mudziwe kuti mukukathera pamenepa.

N'chifukwa chiyani likuchedwa chonchi? Ambiri amaloza ntchito zina za mkuluyu: mabuku a Wild Cards amene amakonza, nyumba yake yoonetsera mafilimu ku Santa Fe, mbiri imene analembera gemu ya Elden Ring, ndi masewero atsopano a HBO. Zimenezi zimadya nthawi, inde. Koma ine ndikuona kuti vuto lili m'nkhani mwenimwenimo, ndipo linayamba TV isanabwere. Poyamba ankafuna kulemba mabuku atatu okha. Atamaliza lachitatu anaganiza zodumpha zaka zisanu kuti ana akule, poti Arya anayamba ali ndi zaka 9, Bran 7, Daenerys 13. Analemba kwa nthawi, anaona kuti sizikuyenda, anataya n'kuyambiranso. Kenako anakodwa pa funso lakuti anthu onse opita kwa Daenerys afike ku Meereen motsatana bwanji, limene iye mwini analitcha mfundo ya ku Meereen. Buku loyamba linali ndi anthu 9 ofotokoza nkhani, lachisanu lili ndi 18. Iye amati salemba ngati womanga nyumba wokhala ndi pulani, koma ngati wolima dimba amene amadzala n'kumaona chimene chimere. Kalembedwe kameneka ndi kamene kanatipatsa Jaime ndi Theon. Ndi komwekonso kakulephera kusonkhanitsa anthu omwazikana m'makontinenti awiri kuti akwane m'mabuku awiri otsala.

Ndipo malonjezo ake musamawawerengere. Kumapeto kwa buku la 2005 analemba kuti lotsatira akuyembekeza kulitulutsa chaka chamawa, koma linatenga zaka 6. Pa 2 Januwale 2016 anavomera kuti walephera kumaliza The Winds of Winter sizoni 6 isanayambe. Chakumapeto kwa 2022 ananena kuti walemba masamba pakati pa 1,100 ndi 1,200, kwatsala 400 kapena 500. Patatha chaka anatchulanso nambala yomweyo ya 1,100. Sindikuti amanama. Munthu amene amalemba mutu kenako n'kuung'amba sangadziwe tsiku lomalizira. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Werengerani mabuku asanu amene alipo, osati awiri amene kulibe.

Njira yachitatu ndi kukhalabe ku Westeros koma kubwerera m'mbuyo. Fire & Blood, la 2018, ndi mbiri ya mafumu a Targaryen kuyambira pa Aegon wogonjetsa uja. Ndi pamene pachokera House of the Dragon, imene inayamba mu Ogasiti 2022, sizoni yachiwiri n'kubwera mu Juni 2024. Apa pali chitetezo chimene Game of Thrones inalibe: nkhondo ya Rhaenyra ndi mchimwene wake Aegon inalembedwa yonse mpaka kumapeto, choncho ojambula sangasowe kolowera. Koma bukuli si nthano yoti ulowe m'mutu mwa munthu. Linalembedwa ngati mbiri ya katswiri wina wa ku Citadel amene akusanthula maumboni otsutsana, wina wa wansembe, wina wa chitsiru cha kubwalo la mfumu chokonda zolaula. Ena zimenezi zimawakomera, ena amagona nazo. Dziwaninso kuti nalonso ndi theka, gawo lachiwiri silinatuluke. Ndipo kukhala ndi buku lathunthu sikunaletse mikangano. Mu Seputembala 2024 Martin analemba podandaula kuti ojambula anachotsa kamwana kotchedwa Maelor, ndipo zimenezo zidzasokoneza za kutsogolo. Zolembazo zinafufutidwa posakhalitsa.

Zimene ndingamupatse munthu aliyense mosakayika ndi nkhani za Dunk ndi Egg: The Hedge Knight ya 1998, The Sworn Sword ya 2003 ndi The Mystery Knight ya 2010, zimene anazisonkhanitsa mu 2015 m'buku limodzi, A Knight of the Seven Kingdoms. Zimachitika zaka pafupifupi 90 nkhani yaikulu isanayambe. Msilikali wamtali wosauka ndi kamnyamata kometa mpala, akuyenda m'midzi. Mulibe zinjoka zamoyo, mulibe mabanja makumimakumi oti uwaloweze, ndipo yachiwiriyo ndi mkangano wa madzi a mumtsinje nthawi ya chilala. Iliyonse imatha payokha. Martin analonjeza zina zambiri zimene sanalembe, koma apa kusowa kwake sikupweteka, chifukwa palibe amene anasiyidwa atabayidwa.

Njira yachinayi ndi kusamuka. Apa pali nkhani yondiseketsa. The Wheel of Time ndi Game of Thrones yotembenuza. Robert Jordan anamwalira mu 2007 asanamalize, koma anasiya zolemba, ndipo Brandon Sanderson anamalizitsa ndi mabuku atatu, lotsiriza mu 2013. Onse pamodzi ndi 14. Sewero lake la pa Prime Video linayamba mu 2021, ndipo mu Meyi 2025 analiimitsa litangofika sizoni 3. Kuno mabuku sanathe koma TV inatha, uko mabuku anatha koma TV inafera panjira. Pa ziwirizi ine ndingasankhe tsoka la a Jordan. Musayembekeze kuti zomwezo zidzachitika kwa Martin, chifukwa wakhala akukana zoti wina adzalembe nkhani zake, ndipo Sanderson ananena kale kuti si ntchito yomuyenera. Kakomedwe kakenso n'kosiyana: kwa Jordan zabwino ndi zoipa zimaonekeratu, matsenga ndi ambiri, ndipo mabuku apakati amakoka miyendo kuposa A Feast for Crows.

Ngati chimene munakonda kwa Martin ndi anthu a mitima iwiri ndi nthabwala zowawa, pitani kwa Joe Abercrombie, amene mabuku atatu a The First Law anatuluka mu 2006, 2007 ndi 2008. Ngati mukufuna kuona kumene Martin anatengera chilimbikitso, Memory, Sorrow, and Thorn ya Tad Williams inatha mu 1993. Ya Steven Erikson, Malazan Book of the Fallen, ndi mabuku 10 athunthu, koma sakugwira dzanja, amangokuponya pakati pa nkhondo. Chenjezo limodzi: wina akakuuzani za Patrick Rothfuss, dziwani kuti buku lake lachiwiri linatulukanso mu 2011 ndipo lachitatu anthu akulidikirabe. Kumeneko n'kusintha mzere chabe, kudikira n'komweko.

Tsono ndisankhe. Kwa amene simunayambe chilichonse, yambani ndi The Hedge Knight. Ndi yaifupi, ndipo ikuuzani msanga ngati kalembedwe ka mkuluyu kakukomerani. Ikakukomerani, werengani mabuku atatu oyamba musanaonere TV, chifukwa ukwati wa ku Twins umapweteka kwambiri ukaupeza papepala usakudziwa. A Storm of Swords imatseka zinthu zambiri moti munthu atha kupumira pomwepo osamva kuti waberedwa. Ngati Chingerezi cha papepala chimakutopetsani, alipo omvetsera amene anawerenga Roy Dotrice, ngakhale loyamba lokha limapitirira maola 30, ndiye muonetsetse bandulo. Bamboyu anamwalira mu 2017, choncho lachisanu ndi chimodzi likadzatuluka lidzakhala ndi mawu a munthu wina.

Kwa amene munaonera TV yokha ndipo sizoni 8 inakusiyani ndi mkwiyo, musayambire pa buku lachinayi poganiza kuti zoyambazo mukuzidziwa. Mudzasochera, chifukwa mbewu za Lady Stoneheart, za Dorne ndi za maulosi a Daenerys zinadzalidwa kale m'mabuku oyamba. Kwa amene chimakuvutani ndi nkhani yosatha, amene simugona mpaka mutadziwa mapeto, musadzivutitse: onerani magawo 73 aja, kenako pitani kwa Abercrombie kapena Williams.

Otsala ndi ife amene tinawerenga kale asanu onse. Kubwereza kuli ndi phindu lake, makamaka mukaphatikiza buku lachinayi ndi lachisanu n'kumawerenga mitu yake motsatira nthawi, monga momwe owerenga ena anaisanjira pa intaneti. Mukatero Cersei ndi Daenerys amalamulira mizinda yawo nthawi imodzi, wina akulephera chifukwa cha nkhanza, wina chifukwa chofuna kusangalatsa aliyense, ndipo mabuku awiri aja amene ankaoneka omwazika amagwirana. Pali mitu ingapo ya The Winds of Winter imene Martin anaitulutsa kapena kuiwerenga pamisonkhano: ya Theon, iwiri ya Arianne, ya Sansa, ya Arya, ya Barristan ndi ina. Mwa yonseyo funani wa Aeron Greyjoy, umene Martin anauwerenga pa msonkhano wa Balticon mu 2016. Euron wa mmenemo, mkulu wake wa Aeron, womanga ansembe kutsogolo kwa zombo zake, ndi woopsa kuposa chilichonse chimene HBO inajambula m'masizoni awiri omaliza, ndipo mutu umenewo ndi umene umandiletsa kunena kuti ndasiya kudikira.